Mmene Makina Anaphunzirira Kudziwa Kuti Munthu Wayamba Kulankhula

Makina asanayambe kumva zimene munthu akunena, akatswiri anatha zaka zambiri akulimbana ndi funso looneka lachibwana: kodi pa waya pano pali munthu amene akulankhula, kapena ndi phokoso chabe? Lero yankho lake limachokera m'kachipangizo kamene kangakhale bwinobwino pansonga ya chala, kotchedwa microcontroller, kapena m'tizipangizo tina ta mtundu wake. Timapezeka m'foni, m'mahedifoni, m'zothandizira anthu ovutika kumva ndi m'zidole za ana. Koma luso limeneli silinabadwire mmenemo. Linayambira m'zipinda zodzaza mawaya za makampani a lamya, linadutsa pansi pa nyanja ya Atlantic, linalowa m'matumba a anthu, kenako linafika patebulo la mwana wasukulu. Pafupifupi paliponse pamene linaima, chimene chinkalikankha chinali kuumira: kuumira waya, kuumira tepi, kuumira batire.

Aphunzitsi a maphunziro amenewa amakonda kuyamba nkhaniyi ndi galu. M'zaka za m'ma 1920 ku America kunkagulitsidwa chidole chotchedwa Radio Rex, kagalu kokhala m'kanyumba kake. Munthu akakuwa kuti "Rex!", kagaluko kankatumphuka n'kutulukira pakhomo. M'kati munalibe nzeru iliyonse. Munali maginito oyendera batire amene ankapanikiza sipuling'i, ndi kachitsulo kogona momasuka kamene kankagwedezeka kakagundidwa ndi mawu onjenjemera pafupifupi ka 500 pa sekondi. Liwu la "e" m'dzina la galuyo lili ndi mphamvu yambiri pamenepo, makamaka likatuluka pakamwa pa mwamuna wamkulu. Kachitsulo kakagwedezeka magetsi ankaduka, maginito n'kutaya sipuling'i, galu panja. Chovuta chinali chakuti Rex ankatulukanso pa phokoso lina lililonse lokhala ndi kunjenjemera komweko, ngakhale palibe amene wamuitana. Matenda oyankha osaitanidwa amenewa anatengera mbumba yonse ya makinawa, ndipo sanatheretu mpaka pano.

Ntchito yeniyeni inayambira kwa eni lamya. Mawaya atatalika mpaka kudutsa dziko lonse la America, anthu anayamba kumva mawu awo omwe akubwerera m'khutu patapita kanthawi, ndipo munthu wodzimva yekha mochedwa chonchi amayamba chibwibwi ngakhale alibe. Pofika 1925 mainjiniya a kampani ya AT&T anali atakonza chipangizo chimene chinkati chikamva kuti wa mbali ino akulankhula, chinkatseka njira yobwerera mawu. Patangopita zaka ziwiri, pa 7 Januwale 1927, panatsegulidwa lamya yoyamba yolumikiza New York ndi London. Inkayenda pa mafunde a wailesi, kuponyedwa kuchokera ku Rocky Point mbali ya America ndi ku Rugby mbali ya England, ndipo mphindi 3 zinkadya madola 75. Mbali zonse ziwiri zinkagawana mafunde amodzimodzi, choncho mawu akanatha kumangozungulira mpaka kusanduka mluzu uja umamveka maikolofoni ikayandikira sipika pamsonkhano. Mankhwala ake anali chipangizo chotchedwa VODAS: njira yotumizira inkakhala yotseka, ndipo mawu a wolankhula ndiwo ankaitsegula. Mphenzi zikamang'anima kwinakwake panjira, kuthetheka kwa mafunde nakonso kunkanamiza chipangizocho, moti pankakhala munthu wantchito wochunira mphamvu ya mawu pa kuimba kulikonse.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi nthambo ya pansi pa nyanja. Pa 25 Sepitembala 1956 panatsegulidwa TAT-1, yochokera kufupi ndi Oban ku Scotland kukafika ku Clarenville ku Newfoundland. Zinali nthambo ziwiri zogonekedwa padera, ina yonyamula mawu opita kumadzulo, ina obwerera kum'mawa, ndipo zinali ndi njira 36 zokha. Britain, America ndi Canada, ndi amalonda awo onse, ankayenera kupanikizana mmenemo. Tsiku loyamba lokha anthu anaimba maulendo oposa 700. Kugoneka nthambo ina kunkafuna zaka, sitima zapamadzi ndi ndalama zankhaninkhani.

Apa ndi pamene mainjiniya a ku Bell Labs, malo a kafukufuku a kampani ya lamya ya ku America ija, anayang'anitsitsa chinthu chimene aliyense amachidziwa koma palibe anali atachiwerengera mtengo wake. Anthu awiri akamacheza, wina akamalankhula mnzake amamvetsera, ndiye kuti theka la nthawi njira ya womvetserayo imangokhala. Wolankhulayonso amapuma, amameza malovu, amasakasaka mawu. Atawerengetsa anapeza kuti munthu pa lamya amatulutsa mawu kwa magawo pafupifupi 40 okha pa magawo 100 alionse a nthawi. Nthawi yotsalayo nthambo yodulayo inkayenda yopanda katundu. Anapanga makina otchedwa TASI, amene anayamba kugwira ntchito pa TAT-1 m'chaka cha 1960. Munthu sankapatsidwanso njira yakeyake. Akangotsegula pakamwa, chipangizo chomvetsera chinkadziwitsa makina, makinawo n'kumupezera njira iliyonse yopanda munthu, n'kutumiza kachizindikiro kutsidya kuti mawu akubwerawa ndi a uje. Akakhala chete, njirayo inkatha kulandidwa n'kupatsidwa wina amene waifuna. M'kucheza kumodzi mawu a munthu ankatha kusinthidwa njira kambirimbiri mwiniwake osadziwa kanthu. Chiwerengero cha anthu olankhula nthawi imodzi chinawirikiza pafupifupi kawiri popanda kuwonjezera waya ngakhale mmodzi pansi pa nyanja.

Ine ndimaona kuti mbiri yonse ya lusoli inakhazikika m'zaka zimenezi, chifukwa mavuto amene anthu a TASI anakumana nawo ndi omwewo amene mwana wasukulu amakumana nawo lero. Chipangizo chikakhala chatcheru kwambiri, chimatenga kupuma kwa munthu, kulira kwa taipi mu ofesi kapena kulira kwa waya weniweniyo ngati mawu, ndipo phindu lonse limatha. Chikakhala chogontha, chimadya zilembo zoyamba za mawu. Palinso timipata tobisika m'kati mwa mawu. Tchulani "chipatala" pang'onopang'ono: musanatulutse "pa" milomo imatsekeka, mawu n'kuduka kwa kanthawi kochepetsetsa, ndipo mawu amadukanso pa "ta". Chipangizo chopupuluma chimaganiza kuti mwamaliza, n'kukudulani pakati pa liwu. Choncho anachiphunzitsa kutsegula msanga koma kuchedwa kutseka, kudikira kachigawo ka sekondi mawu akasiya kumveka. Wofufuza wina wa ku Bell Labs komweko, Paul Brady, anakhala pansi n'kuyeza kutalika kwa kulankhula ndi kukhala chete m'zokambirana 16 za pa lamya, ndipo zimene anafalitsa mu 1968 zinathandiza mainjiniya kwa zaka zambiri kudziwa kuti kudikirako kukhale kotalika bwanji.

Kunja kwa makampani a lamya lusoli linafala mwa njira yosavuta. Anthu oulutsa mawu pa wailesi zawozawo m'nyumba anatopa ndi kudina batani nthawi iliyonse akafuna kulankhula, n'kuyamba kugwiritsa ntchito kadera ka magetsi kotchedwa VOX, kamene kamayatsa chotumizira kakamva mawu. Amene anagwiritsapo VOX amasimba nkhani zofanana: kutsokomola kumene kunaulutsidwa, kapena mkangano wa m'nyumba umene unamveka kutali popanda mwini wake kudziwa. Makina ojambulira mawu pa tepi nawonso anatengera nzeru yomweyi kuti tepi isamathe pachabe. Amenewa anali ndi vuto lawolawo, chifukwa mota inkatenga kanthawi kuti ifike pa liwiro lake, moti chiyambi cha chiganizo chinkatuluka chopindika kapena kusowa kumene.

Makina a mtundu umenewu anagwetsapo mtsogoleri wa dziko. Mu Febuluwale 1971 Pulezidenti Richard Nixon analamula kuti mu ofesi yake ku White House muikidwe maikolofoni obisika. Atsogoleri ena a m'mbuyo mwake anali nawonso ndi makina ojambulira, koma ankawayatsa okha akafuna. A Nixon ankadziyatsa akamva mawu, bola mwini wake akhale ali pafupi, choncho ankajambula zabwino ndi zoipa zomwe, mpaka maola pafupifupi 3,700. Alexander Butterfield, yemwe kale anali womuthandiza, ataulula za matepiwa mu Julayi 1973, pa kafukufuku wa mlandu wa Watergate, nkhondo yolimbirana matepiwo inayamba, ndipo mu Ogasiti 1974 Nixon anatula pansi udindo.

Zipangizo zonsezi zinkayeza chinthu chimodzi chokha, kukula kwa phokoso. Zinthu ziwiri zimene zinatsegula njira ina zinachokeranso ku Bell Labs. Mu 1962 James West ndi Gerhard Sessler anapanga maikolofoni ya electret, yaing'ono, yotchipa, yosafuna magetsi ambiri, imene patapita zaka inalowa pafupifupi m'foni ndi m'wailesi ya kaseti iliyonse. Kenako mu 1975 Lawrence Rabiner ndi Marvin Sambur anafalitsa njira yopezera pamene liwu layambira ndi pamene lathera pogwiritsa ntchito kompyuta. Ankadula mawu m'tizidutswa ta mamilisekondi 10. Mamilisekondi 100 oyambirira ankawatenga kuti palibe akulankhula, n'kuyezerapo phokoso la m'chipindamo, ndipo mlingo woweruzira unkachokera pamenepo m'malo mokhazikitsidwa kamodzi n'kuiwalika. Pa kachidutswa kalikonse ankafunsa mafunso awiri. Loyamba, kali ndi mphamvu yochuluka bwanji? Lachiwiri, funde la mawu ladutsa kangati pa ziro, kuchoka kumtunda kupita kumunsi ndi kubwerera?

Funso lachiwirili ndilo linali lanzeru. Mawu monga "a" ndi "o" amachokera pakhosi, ali ndi mphamvu yambiri ndipo funde lake limakwera ndi kutsika mwadongosolo. Koma "s" wa "sopo" kapena "f" wa "fodya" ndi mpweya chabe wopanikizika pakati pa mano ndi milomo. Mphamvu yake ndi yochepa moti chipangizo choyeza kukula kwa phokoso chimaudumpha, n'kumva "opo" ndi "odya". Komabe mpweya umenewu umadutsa pa ziro kambiri zedi. Choncho kompyuta ikapeza pamene mphamvu yakwera, inkabwerera m'mbuyo pang'ono kukaona ngati pali tizidutswa todutsadutsa pa ziro, ndipo ikatipeza inkasuntha chiyambi cha liwu kufika pamenepo. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imangofuna kuphatikiza ndi kuwerenga, popanda masamu olemera. N'chifukwa chake patapita zaka pafupifupi 50 ikadali yoyamba imene anthu amalemba akagula microcontroller yawo yoyamba.

Pa nthawi imeneyo microcontroller inali khanda. Gary Boone ndi Michael Cochran a ku Texas Instruments anali atakwanitsa kuika kompyuta yathunthu, ubongo wake, memori yake ndi timiyendo tolumikizira kunja, pa kachidutswa kamodzi ka silikoni, ndipo TMS1000 inayamba kugulitsidwa mu 1974. Inalowa m'makakyuleta, m'mauvuni ndi m'zidole. Mu 1978 wachibale wake ankayendetsa chidole cholankhula cha Speak & Spell, ndiye kuti timakina timeneti tinayamba kulankhula tisanadziwe kumvetsera. Chifukwa chake chili m'masamu. Kuti mawu a pa lamya asanduke manambala, amayezedwa ka 8,000 pa sekondi. Intel 8051, imene inatuluka mu 1980 n'kukhala imodzi mwa ma microcontroller ofala kwambiri padziko, inali ndi mabayiti 128 okha a memori yogwirira ntchito. Mukati muthiremo mawu, ingadzaze m'mamilisekondi 16, munthu asanamalize ndi chilembo chimodzi chomwe.

Choncho kwa zaka zambiri ntchito inkagawidwa. Kadera ka magetsi wamba kankakuza mawu a maikolofoni, kusefa kunjenjemera kwa pakati pa 300 ndi 3,400 pa sekondi kumene lamya imanyamula, kusalaza fundelo, n'kungouza microcontroller kuti "pali kanthu" kapena "palibe". Ntchito ya microcontroller inali kusunga nthawi: phokoso lakhala lalitali bwanji, labwera kangati, ndidikire mpaka liti. Chipangizo chotchedwa The Clapper, chimene chinatchuka ku America pakati pa zaka za m'ma 1980 poyatsa ndi kuzimitsa nyale munthu akawomba m'manja, chinali cha banja lowerenga phokoso lomweli, ndipo chinkadziwika kuti galu akauwa nyale zinkatha kuzima. Amene ankafuna masamu enieni ankagula chip yapadera yokonzedwera mafunde, monga µPD7720 ya kampani ya NEC ya mu 1980 kapena TMS32010 ya Texas Instruments imene inatsatira posakhalitsa. Zimenezi zinkachulukitsa manambala mwaliwiro, koma zinali zodula ndi zovuta kuzilembera mapulogalamu.

Kenako kunabwera foni zam'manja, ndipo kuumira kunasamukira pa batire ndi pa mafunde a mumlengalenga. Mayiko a ku Ulaya atagwirizana zopanga GSM, anaona kuti foni yotumiza mafunde nthawi yonse ya kucheza imatha batire msanga ndiponso imasokoneza foni zina zapafupi. Anagwirizana kuti foni izizimitsa chotumizira chake mwini wake akakhala chete. Chipangizo choweruzira chinachokera kwa ofufuza a British Telecom, amene anachifotokoza mu 1989, ndipo mdani wawo wamkulu anali galimoto, popeza foni zambiri za nthawi imeneyo zinkagwiritsidwa ntchito m'galimoto zoyenda. M'galimoto phokoso la injini ndi matayala limatha kukula kufanana ndi mawu a munthu. Njira yawo inkadula mawu m'zidutswa za mamilisekondi 20, inkaphunzira maonekedwe a phokoso losasinthasintha, n'kulisefa, kenako n'kuyeza chotsalacho. Inkasamala kuti isaphunzire pamene pakumveka kunjenjemera kwadongosolo kwa pakhosi, kuopa kutenga liwu lokokedwa la munthu ngati phokoso la injini. Ndipo ikakayika inkaweruza kuti munthu akulankhula, chifukwa kutaya batire pang'ono kuli bwino kusiyana ndi kudula mawu a kasitomala.

Apa panatulukira chinthu chimene chimandisangalatsa kwambiri m'mbiri yonseyi. Chotumizira chikazima, womvetsera ankamva chete weniweni, wopanda ndi kamphepo komwe, ndipo anthu ankadana naye. Phokoso la galimoto likangoti zii mwadzidzidzi, munthu ankaganiza kuti foni yaduka n'kuyamba kukuwa "halo, halo". Mainjiniya anakakamizika kupanga phokoso labodza. Foni ya wokhala cheteyo imatumiza kauthenga kakafupi pafupifupi kawiri pa sekondi, kofotokoza mmene phokoso la kumene iye ali likumvekera, ndipo mbali ya womvetsera imapeka kaphokoso kofanana nalo n'kumuthirira m'khutu. Pa 1 Julayi 1991 Harri Holkeri, yemwe anali atangosiya kumene udindo wa nduna yaikulu ya Finland, anaimba foni imene imakumbukiridwa ngati yoyamba ya GSM. Kuno kwathu GSM inafika ndi TNM, imene inakhazikitsidwa mu 1995, kenako Celtel mu 1999, yomwe pambuyo pake inakhala Zain kenako Airtel. Kafuu kamene Mmalawi amamva mnzake akakhala chete pa foni, nthawi zambiri sikachokera kumudzi kumene mnzakeyo ali. Kamapangidwa panjira.

Zaka zotsatira zinali za kukonza ndi kunola. Bungwe la ITU linavomereza mu 1996 njira yotchedwa G.729 Annex B, imene inathandiza kwambiri lamya zoyenda pa intaneti. Mu 1999 Jongseo Sohn, Nam Soo Kim ndi Wonyong Sung a ku Seoul National University anasintha kafunsidwe ka funso: m'malo moona ngati mphamvu yapitirira mlingo, ankawerengera kuti pa zimene zamvekazi, chothekera kwambiri n'chiyani, phokoso lokha kapena phokoso lophatikizana ndi mawu. Google itagula kampani ya Global IP Solutions mu 2010, inatulutsa poyera mapulogalamu a WebRTC chaka chotsatira, ndipo m'kati mwake munali kapulogalamu kopepuka koweruza mawu pogawa phokoso m'magulu 6 a kunjenjemera. Popeza kanalembedwa m'chinenero cha C ndipo sikafuna masamu a madesimo, anthu anakazula n'kukabzala m'tizipangizo tamitundumitundu.

Pamene zimenezi zinkachitika m'makampani akuluakulu, microcontroller inali kusamuka kuchoka m'fakitale kupita m'manja mwa anthu wamba. Mu 1993 kampani ya Microchip inatulutsa PIC16C84, imene munthu ankatha kuifufuta ndi magetsi n'kuilembanso kunyumba kwake. Ku Trondheim ku Norway, Alf-Egil Bogen ndi Vegard Wollan anapanga AVR, imene kampani ya Atmel inayamba kugulitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2005, pa sukulu ina ya zaluso ku Ivrea ku Italy, Massimo Banzi ndi anzake anaika AVR pa kabolodi kotchipa kuti ophunzira osadziwa zamagetsi azitha kupanga zinthu, n'kukatcha Arduino. Kuyambira pamenepo funso limene kale linkasowetsa tulo anthu a ku Bell Labs linayamba kufunsidwa ndi ana asukulu ofuna nyale yoyaka munthu akalankhula, kapena wailesi yodzitsitsa yokha wina akayamba kuyankhula m'chipinda.

Pafupifupi aliyense wa iwo amabwereza mbiri yonseyi m'masabata ochepa. Amayamba ndi kabolodi kotchipa kokhala ndi maikolofoni ya electret, chip yofananitsira ya LM393 ndi kasikuluwu kochunira. Kameneka, kunena mosabisa, ndi mdzukulu wa Radio Rex: kamayankha kuwomba m'manja, chitseko ndi tambala, koma munthu wolankhula modekha patali pang'ono sikamumva. Kenako amagula chokuzira mawu chabwinoko n'kulumikiza ku mwendo wa Arduino Uno woyezera magetsi. ATmega328P ya mmenemo imathamanga ka 16 miliyoni pa sekondi, ili ndi mabayiti 2,048 a memori yogwirira ntchito, ndipo imasandutsa magetsi kukhala nambala ya pakati pa 0 ndi 1,023. Popeza siyeza magetsi otsika pansi pa ziro, mawu amakwezedwa kuti chete akhale pakati, cha m'ma 512. Pulogalamu imatola miyeso 160, imene ndi mamilisekondi 20 ngati ikuyeza ka 8,000 pa sekondi, imachotsa nambala ya pakatiyo, imaphatikiza zotsalazo, n'kufananitsa ndi mlingo.

Usiku m'chipinda chabata zimayenda bwino. Kukacha chigayo chapafupi chikalira, kapena mvula ikayamba kugunda pamalata, nyale imayaka osazimanso. Ndipo wophunzirayo amatulukira yekha zimene Rabiner ndi Sambur analemba, kuti mlingo uyenera kuyenda ndi phokoso la pamalopo, ndipo amawonjezerapo kuti uzikwera pang'onopang'ono phokoso likamakula, uzitsika msanga likachepa. Amatulukira kuti ayenera kuona tizidutswa tingapo totsatizana asanavomereze, kuti kugwa kwa supuni kusamunamize. Amatulukiranso kuchedwa kutseka kwa anthu a TASI. Ofika patali amayamba kufunafuna zizindikiro zimene munthu yekha ali nazo. Pakhosi pa mwamuna pamanjenjemera ka 85 mpaka 180 pa sekondi, pa mkazi ka 165 mpaka 255, ndipo kunjenjemera kumeneku kumabwerezeka mwadongosolo. Komanso mphamvu ya kulankhula imakwera ndi kutsika motsatira maphatikizo a mawu, pafupifupi kanayi pa sekondi, pamene chigayo ndi mvula zimangolira mosalekeza. Kuyeza zimenezi pa Uno n'kotheka koma memori imathina. Ma microcontroller a mtundu wa ARM Cortex-M4, amene analengezedwa mu 2010 ali ndi malamulo apadera a masamu a mafunde, ndi ESP32 ya kampani ya Espressif ya ku Shanghai, imene inatuluka mu 2016 ili ndi memori ya makilobayiti 520, anachotsa kuthinako. Maikolofoni nayo inasanduka ya silikoni, yotumiza manambala okhaokha, moti mawaya ataliatali otola phokoso la magetsi anachepa.

Msamuko womaliza unabwera pamene makampani anafuna kuti foni izimvetsera usana ndi usiku. Mu 2013 foni ya Moto X inkadzuka ikamva "OK Google Now" ngakhale ili chigonere patebulo. Amazon inatulutsa Echo mu Novembala 2014, yokhala ndi maikolofoni 7, ndipo mu 2015 iPhone 6s inayamba kumvera "Hey Siri" popanda kuilumikiza ku magetsi. Ubongo waukulu wa foni ukanati uzichita ntchito imeneyi, batire sikanafika madzulo. Choncho anakonza alonda otsatizana. Woyamba, wodya magetsi ochepetsetsa, amangoona ngati pali phokoso looneka ngati mawu. Akaona, amadzutsa wachiwiri, amene amamvetsera ngati ndi dzina loitanira. Ameneyu akakhutira amadzutsa ubongo waukulu kuti utsimikize, ndipo pokhapo mawu amatumizidwa pa intaneti. Vuto la mota ya tepi lija analithetsa posunga nthawi zonse kachigawo ka mawu amene angodutsa kumene, kuti wodzutsidwayo apeze chiyambi cha liwu chikadalipo.

Injiniya wina, Pete Warden, amasimba kuti atalowa ntchito ku Google mu 2014 anadabwa kupeza kuti gulu la "OK Google" linali ndi pulogalamu yophunzira kuchokera ku zitsanzo, yotchedwa neural network, ya makilobayiti 14 okha. Anaona kuti ngati n'zotheka pa foni, n'zothekanso pa microcontroller ya madola ochepa. Mu 2017 anatsogolera kutulutsa poyera mawu ojambulidwa 65,000, lililonse lotalika sekondi imodzi, a anthu osiyanasiyana akutchula mawu 30 achingerezi, kuti aliyense aphunzitsire makina ake. Mu 2019 iye ndi Daniel Situnayake analemba buku lotchedwa TinyML, limene chitsanzo chake chotchuka ndi kabolodi kosiyanitsa "yes" ndi "no" ndi modelo yosakwana makilobayiti 20. Kalembedwe ka pulogalamu kanasintha. Kale injiniya ankakhala pansi n'kuganiza malamulo a mphamvu ndi a ziro. Tsopano amasonkhanitsa zitsanzo zambirimbiri za mawu ndi za phokoso, kompyuta yaikulu n'kupeza yokha kusiyana kwake, zotsatirazo n'kufinyidwa kuti zikwane m'kachipangizo.

Matenda a Rex sanachoke. M'chaka chomwecho cha 2019 atolankhani anaulula kuti Amazon, Google ndi Apple ankalemba anthu ntchito yomvetsera zina mwa zojambulidwa ndi zipangizo zawo pofuna kuzikonza, ndipo pakati pa zojambulidwazo panali nkhani za m'nyumba za anthu amene sanaitane chipangizo chilichonse. Chinali chitangodzidzutsa chokha chitamva mawu ofanana ndi dzina lake. Makampaniwo anasintha malamulo awo, ena n'kuyamba kupempha kaye chilolezo. Nkhaniyi inapatsa mphamvu anthu amene amati kuweruza konse kuzichitikira m'kachipangizo momwemo, mawu asatuluke m'nyumba, ndipo microcontroller inapeza chifukwa china chokhalira, chosakhudzana ndi batire.

Lero munthu wa ku Blantyre kapena ku Chipata amene ali ndi ESP32 ndi maikolofoni ya INMP441 ali ndi mphamvu zowerengera zimene anthu a TASI sanazilotepo, ndipo akhoza kusankha pakati pa njira ya mu 1975, kapulogalamu ka WebRTC ndi neural network. Kudziwa kuti pali munthu akulankhula sikudalira kwenikweni chinenero, chifukwa pakhosi pa Mchewa ndi pa Mngerezi pamanjenjemera mofanana. Koma akafuna kuti chipangizo chidzuke ndi liwu la Chichewa, ayenera kujambula yekha zitsanzo za anthu ambiri, amuna, akazi ndi ana, pamodzi ndi phokoso la kumene chipangizocho chikakhale, chifukwa modelo yophunzitsidwa ndi phokoso la m'maofesi a kunja imasokonezeka ikafika mu minibasi. Chimene chikuvutabe onse ndi mawu a munthu wina. Woulutsa nkhani pa wailesi ndi munthu, wolalikira pa msika ndi munthu, ndipo mayeso onse a pakhosi ndi a maphatikizo amawavomereza. Opanga mahedifoni ena, monga a AirPods a mu 2016, anazemba vutoli poika kachipangizo koyeza kugwedezeka, kamene kamamva kunjenjemera kodutsa m'mafupa a mutu wa wovalayo akamalankhula. Zipangizo za patebulo zilibe mwayi umenewo, choncho zimadalira maikolofoni angapo kuti zidziwe mbali imene mawu akuchokera, ndipo wailesi ikakhala mbali yomweyo ndi mwini nyumba zimasokonezekabe.